Makina Opeta Nsalu: Tiwerengere Mtengo Tisanagule



Miyezi yapitayi funso limodzi lakhala likubwera mobwerezabwereza kuchokera kwa amayi a Chigwirizano m'mipingo ingapo, ndiponso kwa achinyamata ena amene adaphunzira utelala. Funsolo ndi lakuti: kodi n'kwanzeru kusonkha ndalama, kapena kutenga ngongole, kuti tigule makina a kompyuta opeta nsalu? Chimene chikubweretsa funsoli n'chodziwika kwa tonse. Masiku ano sukulu ikufuna baji pa yunifomu ya mwana aliyense, kwaya ikufuna dzina lake pachifuwa cha malaya, mabungwe akufuna zipewa zolembedwa, ndipo ntchito zambiri zotere timazitumiza ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndalama zathu n'kutsalira komweko. Ndalama zimene zikukambidwa pogula makinawo si zochepa ayi. Ndamva ena akunena zogulitsa ng'ombe, ena akunena zoponyamo zonse zimene apeza pa mbatata ya kachewere ya chaka chino. Pa chifukwa chimenechi ndaganiza kuti tsamba la mwezi uno lipite ku nkhani imeneyi.

Maganizo anga ndiwanene poyera pachiyambi pomwe. Ntchito yopeta nsalu ndi yabwino ndipo ingathe kudyetsa banja. Koma makinawo ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyo, ndipo si gawo lovuta kwambiri. Amene agula makina asanaphunzire zina zonse zimene zimazungulira makinawo, kawirikawiri amatsala ndi katundu wokongola wofundidwa chitenje pakona ya nyumba, ngongole ili pakhosi.

Mawu akuti kupeta tili nawo pawiri m'chinenero chathu. Mayi amapeta mphale m'lichero, ndipo mmisiri amapeta nsalu pojambulapo maluwa kapena malembo ndi ulusi wamitundumitundu. Kupeta kwachiwiriku ndiko kumene m'masitolo a m'tauni amati bordado. Ndi luso lakale ndithu. Amene amawerenga Eksodo 35 adzakumbukira kuti pakati pa nzeru zimene Bezaleli ndi Oholiabu adapatsidwa pomanga chihema padali luso lomweli, ndipo adapatsidwanso mtima wophunzitsa ena. Mfundo yophunzitsayi muisunge, tidzaipezanso kutsogoloku.

Makina oyamba opeta adapangidwa ndi Josué Heilmann wa ku Mulhouse m'chaka cha 1828. Adali ndi singano zambiri zoyenda pamodzi, koma munthu ankakhala pambali n'kumalondola chithunzi chachikulu ndi ndodo, kuloza pamene singano zibaye, malo amodziamodzi. Mu 1863 Isaak Gröbli wa ku Switzerland adapanga makina otchedwa Schiffli, amene ankagwiritsa ulusi wapamwamba ndi wapansi monga makina osokera. Kampani ya Tajima ya ku Japan idayamba kupanga makina a mitu yambiri mu 1964, ndipo cha m'ma 1980 kompyuta idalowa m'ntchitoyi. Chimene ndikufuna muone m'mbiri imeneyi n'chakuti nthawi zonse pamakhala munthu amene amaganizira pamene singano idzabaye, ndi njira imene idzadzere pochoka apa kupita apo. Kompyuta sidamchotse munthu ameneyu. Idangomusuntha pampando, kumchotsa pambali pa makina n'kumukhazika patebulo lina.

Tsono tisanapite kwa makina odulawo, tiyambe ndi amene tili nawo kale. Ambiri sadziwa kuti makina opalasa ndi mapazi, a Singer kapena a Butterfly, amene ali pakhonde la telala aliyense pamsika wa Ulongwe kapena wa Domwe, amatha kupeta. Eni ake a Singer adasindikiza buku lophunzitsa kapetedwe kotere mu 1911, kompyuta kulibe.

Kachitidwe kake ndi kotere. Mumachotsa kaphazi kamene kamapana nsalu, ndipo mumatsitsa mano aja amene amakoka nsalu posoka. Makina ena ali ndi kotsitsira manowo, ena alibe, ndipo pamenepo mumawaphimba ndi kachitsulo kophimbira. Mukajambula duwa kapena dzina pansalu ndi choko, mumaikunga mumkombero. Mkomberowu ndi mphete ziwiri zamatabwa kapena zapulasitiki zolowana, zofanana ndi mkombero wa lichero. Pokagula mufunse bastidor. Nsalu iyenera kugona pansi penipeni, kukhudza thupi la makina, mosiyana ndi mmene timaikira popeta pamanja. Apa pali chinthu chaching'ono chimene chimagwetsa ulesi ophunzira ambiri tsiku loyamba lomwe: ndodo ija yotsitsira kaphazi iyenera kutsitsidwa ngakhale kaphaziko mwakachotsa, chifukwa ndiyo imachititsa kuti ulusi wapamwamba upanidwe. Mukaiwala kutero, ulusi umapiringizana kunsi kwa nsalu ngati chisa cha mbalame, ndipo mumayamba kunamizira makina. Mukakokera ulusi wa m'bobini pamwamba n'kuugwira pamodzi ndi unzake, mumayamba kupalasa.

Kuyambira pamenepo manja anu ndiwo akuchita ntchito ya mano aja. Mapazi amapalasa mofanana, osathamanga osaima, pamene manja akuyendetsa mkombero kutsogolo, kumbuyo ndi cham'mbali. Mukafulumiza manja, ulusi umadumpha mipata yaitali. Mukachedwetsa, umaunjikana pamalo amodzi mpaka singano kuthyoka. Zala zikhale patali, poti singano ilibenso chotchinga. Masabata oyamba ntchito imatuluka yoipa, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene apirira pa tizidutswa ta nsalu totsala kwa telala amafika popeta nsalu za patebulo, mapilo, madiresi a ana, makolala a mabulauzi ndi nsalu ya paguwa, osagula kanthu kena koposa mkombero ndi ulusi, ndiponso osadalira magetsi. Alipo makina ena a zigizagi a m'mafakitale amene ali ndi chitsulo chokankha ndi bondo, chimene chimakulitsa kapena kuchepetsa kutambasuka kwa ulusi munthu akupeta. Amenewa amalemba malembo okongola kwambiri m'manja mwa wozolowera.

Ndakhalitsa pa makina a mapaziwa mwadala. Munthu amene wapeta nawo miyezi ingapo amadziwa kale ndi zala zake mmene nsalu imakokekera, mmene ulusi umakhalira ukathina kapena ukalekerera, ndi nsalu iti imene imakwinyika msanga. Nzeru zimenezi ndi zomwezo zimene makina a kompyuta adzamufunse. Amakhalanso atadziwa ngati m'dera lake muli anthu ofuna kulipira ntchito yopeta, chinthu chimene wogulitsa makina sangamuuze.

Komabe makina a mapazi ali ndi malire ake. Mphunzitsi wamkulu akabwera ndi malaya 200 nafuna kuti baji ya pa malaya oyamba ifanane ndendende ndi ya pa malaya otsiriza, dzanja la munthu silingakwanitse. Apa ndi pamene makina a kompyuta amapambana, ndipo ndi ntchito yotere yokha, yofanana ndi yobwerezabwereza, imene ingabweze ndalama zogulira makinawo.

Makina a kompyuta ali m'magulu. Aang'ono, a m'nyumba, ali ndi singano imodzi. Makampani odziwika nawo ndi monga Brother, Janome ndi Bernina. Ambiri otsika mtengo amapeta malo osapitirira masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, ena amafika 13 ndi 18. Baji ya pachifuwa imakwana, koma dzina la kwaya lodzaza msana silikwana popanda kuligawa. Mtundu wa ulusi ukasintha, makinawo amaima kudikira kuti munthu achotse ulusi wina n'kulowetsa wina. Amavutanso kupeta chipewa chosokedwa kale kapena mkono wa malaya, chifukwa thupi lawo ndi lafulati. Gulu lachiwiri ndi la mutu umodzi koma singano zambiri, 6, 10, 12 kapena 15, iliyonse ndi ulusi wake. Amasintha mitundu okha, amadula ulusi okha, ndipo ali ndi mkono wolowa m'kati mwa chovala kapena chipewa. Akuluakulu a mitu yambiri, monga a Tajima, Barudan ndi ZSK, amapeta zovala zingapo nthawi imodzi, koma amenewo ndi a mafakitale ndipo sindiwaona ngati nkhani ya mpingo wa kumudzi.

Tsopano tifike kwa munthu uja ndidati adangosunthidwa pampando. Makina a kompyuta sawona chithunzi. Simungajambule baji ya sukulu ndi foni, n'kuilowetsa m'makina, n'kuyembekeza kuti ipetedwa. Chithunzicho chiyenera kusandulizidwa kukhala ndandanda wa malo amene singano idzabaye, ndipo ntchito imeneyi amaitcha digitizing. Kubaya kumodzi kwa singano kumawerengedwa ngati sitichi imodzi, imene ena amati ponto. Wokonza chithunzi amasankha mtundu wa masitichi pa gawo lililonse. Pamizere yopyapyala amaika oyenda motsatana ngati msoko wamba. Pa malembo ndi m'mphepete amaika owoloka uku ndi uku, osalala ndi onyezimira, otchedwa satin. Amenewa akatambasuka kupitirira sentimita imodzi amayamba kulekerera ndi kukodwa pochapa. Pamalo aakulu amaika odzaza, olukana ngati mphasa. Pansi pa zonsezi amayamba wayala masitichi ena ochepa monga maziko a nyumba, ndipo amakulitsa pang'ono magawo ena podziwa kuti ulusi udzakoka nsalu n'kuwachepetsa. Amaganizanso mtundu woyamba ndi wotsiriza, kuti singano isamangodumphadumpha n'kusiya ulusi wodula ndi lumo paliponse.

Ntchito imeneyi ndi luso palokha, ndipo pulogalamu zake, monga za kampani ya Wilcom, ndi zodula. Zina zimaposa mtengo wa makina aang'ono. Ilipo ina yaulere yotchedwa Ink/Stitch, yogwira ntchito pamodzi ndi Inkscape, imene mnyamata kapena mtsikana wodziwa kompyuta angathe kuiphunzira akakhala ndi khama. Wogulitsa akakuuzani kuti pulogalamu yake imasanduliza chithunzi yokha mwa kungodina batani, mumupemphe apete baji yanu inu mukuona. Nthawi zambiri malembo ang'onoang'ono amatuluka ngati mapazi a nkhuku. Njira ina, imene ndikuiona yanzeru kwa oyamba kumene, ndiyo kulipira katswiri kuti akukonzereni baji iliyonse kamodzi, akutumizireni fayilo pa WhatsApp, inu n'kumaisunga ndi kuigwiritsa ntchito zaka zambiri. Mumuuze mtundu wa makina anu, pakuti a Brother amawerenga mafayilo a PES, a Janome a JEF, ndipo ambiri a m'mafakitale a DST. Fayilo ya DST sisunga mitundu ya ulusi, imangouza makina pamene asinthe, choncho muzilemba m'kope kuti woyamba ndi wobiriwira, wachiwiri ndi woyera, ndi ena motero. Mumuuzenso kukula kwenikweni kwa baji ndi nsalu imene idzapetedwe, chifukwa fayilo yokonzedwa kale siikulitsidwa kapena kuchepetsedwa kwambiri popanda kuwononga. Ndipo eni sukulu kapena kwaya muwachenjeze msanga kuti malembo ofupika kuposa mamilimita 5 sawerengeka bwino. Vesi lonse silingakwane pa kathumba ka malaya, ngakhale atalikonda chotani.

Chinthu china chimene sichioneka m'zithunzi za otsatsa malonda ndi chochirikiza nsalu kumbuyo, chimene m'masitolo amati entretela. Tembenuzani malaya alionse opetedwa bwino, mudzachiona kuseri kwa baji. Singano ikabaya malo amodzi kambirimbiri, nsalu payokha siingapirire. Imakokeka, imakwinyika, mizere n'kuphonyana. Pa nsalu zotanuka, monga masikipa ndi malaya a gofu, pamafunika entretela yolimba imene imadulidwa ndi lumo mozungulira baji n'kutsala pomwepo moyo wonse wa chovalacho. Pa nsalu zosatanuka, monga kapulana, khaki kapena jinzi, ikwanira yong'amba ndi manja mukamaliza. Pa thawulo pamaikidwanso ina pamwamba, yopyapyala ngati pulasitiki, yosungunuka m'madzi, kuti ulusi usamire m'ubweya. Ena pofuna kupulumutsa ndalama amaika nyuzipepala kapena pepala la m'kope. Tsiku loperekera katundu ntchitoyo imaoneka bwino, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chovala chikachapidwa kawiri pepala limasungunuka, baji imapindika ngati tsamba louma, ndipo mwini wake amauza mudzi wonse dzina la amene adapeta. Choncho musanagule makina, fufuzani kumene muzidzagula entretela mwezi ndi mwezi, ndi ndalama za ulendo wokagulako.

Kukunga nsalu mumkombero nakonso kumafuna kuphunzira. Nsalu ndi entretela zimalowa pamodzi, zosalala, zolimba ngati chikopa cha ng'oma, koma osazikoka mpaka kutanuka. Sikipa yokokedwa mumkombero imabwerera m'malo mwake mukaichotsa, ndipo baji imatsala itazunguliridwa ndi makwinya amene simbi singawachotse. Baji yopendekeka pang'ono imaoneka kutali munthu akaima kutsogolo kwa mpingo. Yesani ndi tepi, ikani chizindikiro ndi choko, ndipo onetsetsani kuti kumbuyo kwa malaya sikunalowe pansi pa mkombero, pakuti kusokerera chifuwa ndi msana pamodzi ndi ngozi imene imagwera aliyense wofulumira.

Za ulusi, wogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi wa nambala 40, ndipo uli pawiri. Wa rayon ndi wofewa ndi wonyezimira, koma sugwirizana ndi jiki. Wa polyester umapirira jiki, sopo wamphamvu ndi dzuwa. Poona mmene timachapira kwathu kuno, kupuntha pamwala ndi kuyanika padzuwa tsiku lonse, ine ndikuti yunifomu ya sukulu ndi bulauzi yoyera ya amayi zipetedwe ndi polyester. M'bobini mumalowa ulusi wina wopyapyala, woyera kapena wakuda. Ulusi wamba wosokera uli ndi ubweya wambiri umene umadzaza m'makina, ndipo ulusi wakale wokhalitsa padzuwa umangoduka. Singano yozolowereka ndi ya 75/11. Ya nsonga yobulungira ndi ya nsalu zotanuka, yakuthwa ndi ya nsalu zolimba. Singano ndi chinthu chotsika mtengo koposa zonse, komabe anthu amaiumirira mpaka ithyoke, pamene yobuntha imaboola sikipa ndi kudula ulusi. Akatswiri amalangiza kuisintha ikagwira ntchito pafupifupi maola 8. Pofuna kudziwa ngati ulusi wapanidwa moyenera, tembenuzani nsalu muyang'ane kuseri kwa chilembo: ulusi wa m'bobini uzioneka pakati, kutenga gawo limodzi mwa magawo atatu, wapamwamba uli m'mbali zonse ziwiri.

Nkhani ya magetsi ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, koma tonse tikudziwa midzi imene waya sanafikebe. Makina opeta sadya magetsi ambiri ngati simbi yositira, ndipo angathe kuyenda ndi sola yokonzedwa bwino. Choopsa ndi magetsi okwera ndi kutsika, ndiponso mphezi za m'nyengo ya mvula. M'kati mwa makinawo muli bolodi yofanana ndi ya kompyuta, ndipo ikapsa mtengo wake ndi wowawa, kuipezanso n'kovuta. Choncho pa mtengo wa makina muwonjezerepo chipangizo choteteza magetsi, makamaka chokhala ndi batire chotchedwa UPS, ndipo kukayamba kugunda muzizula pulagi kukhoma. Mufunsenso ngati makinawo amakumbukira pamene adalekezera magetsi akazima pakati pa baji. Amene mwalandira makina kuchokera kwa abale akunja, werengani kachitsulo kolembedwa kumbuyo musanalumikize: magetsi athu ndi a 220, pamene a ku America ndi a 110 kapena 120, ndipo si makina onse amene amalandira zonse ziwiri.

Tsopano tikhale pansi tiwerenge, monga adachenjezera Ambuye pa Luka 14:28 za munthu wofuna kumanga nsanja. Tiyerekeze kuti baji ya sukulu ili ndi masitichi 6,000 ndi mitundu 5 ya ulusi, ndipo makina anu a singano imodzi akubaya ka 600 pa mphindi. Kupeta kokha ndi mphindi 10. Onjezanipo kusintha ulusi kanayi, kuyesa ndi kukunga malaya, kudula ulusi wotsalira, kudula entretela, kusita, ndi kulowetsanso ulusi ukaduka. Zonse pamodzi zingafike mphindi 25. Pa tsiku la maola 8, popanda kuzima kwa magetsi, popanda maliro kapena mlendo, mwapeta malaya 19. Malaya 200 aja atenga masiku 11 a ntchito. Amene alonjeza mphunzitsi wamkulu kuti Lachisanu lomwe lino zonse zikhala zitatha, poona liwiro lolembedwa pabokosi, wadziputira mlandu.

Kuwerenga komweku kumaonetsanso kuti ulusi si umene umadya ndalama. Masitichi 1,000 amatenga pafupifupi mamita 5 a ulusi wapamwamba, ndiye kuti mpukutu wa mamita 1,000 ungapete mabaji otere oposa 30. Chodula ndi nthawi ya munthu, ndi makina amene akutha pang'onopang'ono. Amalonda akuluakulu amatchula mtengo molingana ndi chiwerengero cha masitichi, ndipo kukonza fayilo amalipiritsa padera kamodzi. Inunso teroni. Pa mtengo wa baji iliyonse pakhale entretela, singano, magetsi, malipiro a wopeta ngakhale atakhala mwana wanu, kangachepe kosungira tsiku limene makina adzafune mmisiri, ndi kena ka chovala chowonongeka, pakuti singano ikang'amba malaya a mwini, wolipira ndinu. Mukumbukirenso kuti ntchitoyi ili ndi nyengo. Imachuluka kumayambiriro kwa chaka sukulu zikamatsegulidwa, pokonzekera 7 April, tsiku la amayi a dziko lathu, ndiponso anthu akakolola, pamene maukwati ndi misonkhano zimachuluka. Miyezi ya njala imakhala zii, koma ngongole siidziwa nyengo. Mukatha kuwerenga zonsezi, gawani mtengo wa makina ndi phindu la baji imodzi, muone mabaji angati amene muyenera kupeta kuti ndalama zibwerere. Kenako dzifunseni moona mtima ngati sukulu, makwaya ndi mabungwe a m'dera lanu angakupatseni chiwerengero chimenecho. Chikakhala chosatheka, palibe manyazi kupitiriza ndi makina a mapazi, ntchito zazikulu n'kumazitenga inu kwa eni, kukapetetsa m'tauni ndi kudyapo pang'ono, kufikira makasitomala atachuluka.

Amene chiwerengero chawalola kugula, ambiri adzayang'ana makina ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Johannesburg kapena m'mizinda yoyandikana nafe. Si zoipa, koma safunsa adadya phula. Makina ambiri a kompyuta amasunga chiwerengero cha masitichi onse amene abaya chiyambire, monga galimoto imasungira makilomita, pemphani akuonetseni. Tengani fayilo yanu ndi nsalu yanu, apete inu muli pomwepo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, mukumvetsera kulira kwake. Onani ngati mikombero yonse ilipo, chifukwa siilowana pakati pa makampani ndipo kugula umodziumodzi n'kodula. Onani ngati amalandira fulashi ya USB, pakuti akalekale ankadalira makadi kapena madisiki amene masiku ano ndi osowa. Funso lalikulu koposa ndi ili: akawonongeka, ndani adzawakonze, ndipo ali kuti? Mmisiri wa makina a mapazi pamsika ndi waluso pa ntchito yake, koma bolodi ndi nkhani ina. Werengeraninso thiransipoti ndi msonkho wa pachipata. Ndipo musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene mwangoona chithunzi cha makina ake pa Facebook.

Kwa magulu a mumpingo ndili ndi mawu owonjezera, pakuti makina a gulu amafa ndi zinthu zina zimene makina a munthu mmodzi safa nazo. Musanagule, lembani pepala losonyeza kumene makina azikhala, amene aziwagwira, mmene azilipidwira, ndi amene azisunga ndalama. Wogwira makina asakhale yemweyo wosunga thumba. Apa ndi pamene mfundo ya Bezaleli ija ikubwerera: aphunzire anthu atatu kapena anayi, achinyamata akhalepo, chifukwa wodziwa akakhala mmodzi, tsiku limene adzakwatiwe kutali kapena kusamuka makina adzasamuka naye mumtima ngakhale atatsala m'nyumba. Koma asagwirenso aliyense wongodutsa. Chachiwiri ndi ngongole. Kasitomala wovuta kwambiri wa makina a mpingo ndi mpingo womwewo. Kwaya imati tidzalipira tikaimba paukwati, komiti imati ndi ntchito ya Mulungu, mkulu wa mpingo amabweretsa malaya a ana ake asanu namwetulira. Entretela ikatha palibe chogulira ina. Lamulo likhale limodzi kwa onse: theka la ndalama poyamba, theka potenga katundu. Abusa nawonso, ine ndemwe pamodzi, tizilipira mtengo wonse wa nsalu zathu za m'khosi.

Padzabweranso anyamata ofuna kuti muwapetere chizindikiro cha Nike kapena cha timu ya mpira ya ku Ulaya pa zipewa zoti akagulitse pamsika. Zizindikiro zimenezo zili ndi eni ake, ndipo kuzipeta pa katundu wogulitsa ndi kupanga zinthu zachinyengo. Wogula amanamizidwa, ndipo lamulo likhoza kukulandani katunduyo. Chimodzimodzi baji ya sukulu, ya chipatala kapena ya boma: landirani ntchitoyo kuchokera kwa akuluakulu a malowo, ndi kalata, osati kwa munthu wongobwera nayo m'thumba, pakuti yunifomu m'manja olakwika imatsegula zitseko zosayenera. Maluwa, mbalame, mayina a ana ndi zojambula zanuzanu zilibe mwini wina, ndipo pa kapulana wosalembedwa zambiri zimakongola kuposa zizindikiro zobwereka.

Makina akafika, sabata yoyamba musalandire ntchito ya munthu aliyense. Petani pa masikipa akale a pakaunjika ndi pa zidutswa za nsalu zosiyanasiyana, muzichape katatu monga timachapira, muone chimene chatsala. Baji iliyonse yatsopano iyambe yayesedwa pa kansalu kofanana ndi chovalacho, mwini wake aione navomereze, ndipo kansaluko mukasunge m'kope pamodzi ndi dzina la fayilo, mitundu ya ulusi ndi mtengo umene mudagwirizana. Madzulo alionse chotsani ubweya wa ulusi pamalo a bobini ndi kaburashi, thirani dontho la mafuta a makina pokhapo pamene buku lake lanena, osati mafuta ophikira kapena a galimoto, ndipo fundani makinawo, chifukwa fumbi la mwezi wa September limalowa ngakhale m'nyumba yotseka.

Amayi kapena achinyamata amene mukupeta kale ndi makina a mapazi m'mipingo yathu, dziwitsani alembi a mpingo wanu, kuti pa msonkhano wa Chigwirizano ukubwerawu tipatule tsiku limodzi loti muonetse anzanu kagwiridwe ka mkombero. Aliyense adzabwere ndi zidutswa za nsalu ndi ulusi wake.